SUKULU YA M'FONI: MWAYI WA APHUNZITSI NDI OSUNGA MABUKU

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse za m'dziko muno zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ife aphunzitsi a ku pulaimale tidasonkhanitsa choko chotsala, tidakhoma zitseko za makalasi, nkubwerera ku nyumba zathu osadziŵa tsiku lodzatsegulanso. Masabata oyamba adatha msanga pakuti inali nyengo yokolola. Koma chimanga chitaloŵa m'nkhokwe, madenga odontha atakonzedwa, tidayamba kusoŵa chochita. Munthu amene wazoloŵera kuimirira pamaso pa ana zaka zoposa makumi aŵiri sakhazikika akamangokhala pakhonde kuyang'ana nkhuku.

Tsiku lina madzulo kudafika mphunzitsi mnzathu wachitsikana amene anali atangotuluka kumene ku koleji. Atapereka moni mwaulemu, adatulutsa foni yake nati, "Bambo, muno muli sukulu ya aphunzitsi, ndipo salipiritsa. Bwanji tiyambe pamodzi?" Ife tidaseka. Foni tinkaidziŵa ngati chida choimbira abale ndi cholandirira ndalama. Zoti mungakhalenso sukulu tinkaziyesa nkhambakamwa za ana a masiku ano. Komabe tidavomera, makamaka posafuna kumgwetsa ulesi mwanayo. Tidasonkhana anayi. Zimene tidaona m'miyezi yotsatira ndizo zatichititsa kulemba nkhani ino, kuti inu makolo amene muli ndi ana pa ntchito ya uphunzitsi kapena ya m'laibulale, ndi inu achinyamata amene mukulingalira za ntchito zimenezi, mudziŵe kumene kuli msipu ndi kumene kuli maenje.

Njira yakale yovala zatsopano

Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi wako si chinthu chachilendo ai. Ku England, Isaac Pitman adayamba kuphunzitsa kalembedwe kachidule kudzera pa positi mu 1840. University of South Africa yakhala ikuphunzitsa anthu m'makalata kuyambira mu 1946, ndipo alipo Amalaŵi amene adapata madigiri awo kumeneko akugwira ntchito konkuno. Kwathu kuno boma lidatsegula Malawi Correspondence College mu 1965. Ophunzira ankalandira timabuku pa positi, kumvera maphunziro pa wailesi, ndi kutumiza mayankho awo m'envulopu. Mu 1987 dzina lidasintha nkukhala Malawi College of Distance Education, ndipo malo ake ambiri ophunziriramo adasanduka masekondale oyendera a m'madera mu 1998. Agogo ambiri amene akuŵerenga nkhani ino adapeza JC yawo mwa njira imeneyo, akuŵerengera pa nyali ya koloboi.

Ife enife ndife ana a njira yomweyi. Maphunziro a ku pulaimale atakhala aulere mu 1994, chiŵerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa mamiliyoni osakwana aŵiri kufika pafupifupi atatu m'chaka chimodzi. Boma lidalemba aphunzitsi zikwi zambiri osapita ku koleji, ndipo ife tinali m'gulu limenelo. Tidaloŵa m'kalasi titangolangizidwa masabata oŵerengeka. Kuyambira mu 1997 kudabwera ndondomeko yotchedwa MIITEP: miyezi itatu ku koleji, kenaka kubwerera ku sukulu zathu ndi mabuku otsogolera, kuphunzitsa masana ndi kuŵerenga usiku kwa miyezi yoposa chaka ndi theka, potsiriza kubwereranso ku koleji kukalemba mayeso. Tikakumbukira bwino, chimene chidatipulumutsa si mabuku okha ai. Chinali misonkhano ya ku zoni, kumene mlangizi ankatifunsa mmodzimmodzi kuti, "Mwaŵerenga mpaka pati?" Manyazi oyankha kuti sitidaŵerenge ndiwo ankatidzutsa m'bandakucha. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tidzabwererakonso.

Tsono intaneti yasintha chiyani? Kalata imene inkatenga masabata kuti ifike ndi masabata enanso kuti yankho libwere, lero ifika pa kamphindi. Phunziro likhoza kubwera ndi mau ndi zithunzi zoyenda, kotero kuti mphunzitsi wa ku Dedza angathe kuona mnzake wa ku Kenya akugaŵa ana m'magulu, m'malo mongoŵerenga za kugaŵako. Ndiponso khomo ndi lotseguka kwa aliyense. Maphunziro ambiri safunsa satifiketi poloŵa. Chofunika ndi foni yoloŵa pa intaneti, adiresi ya imelo, ndi bandulo.

Zimene tidaphunzira pansi pa mtengo wa mango

Maphunziro amene tidayamba ife anayi anali okhudza kaphunzitsidwe ka kuŵerenga m'makalasi oyamba. Adakonzedwa ndi TESSA, mgwirizano wa makoleji a aphunzitsi a mu Africa ndi The Open University ya ku Britain, umene udayamba mu 2005, mothandizana ndi bungwe la Saide la ku Johannesburg. TESSA ili ndi zipangizo za aphunzitsi a pulaimale pa chiyankhulo, masamu, sayansi, za chikhalidwe ndi maluso a moyo, m'Chingerezi, Chifalansa, Chiswahili ndi Chiarabu. Zonsezi nzaulere, ndipo malamulo ake amalola kuzikopera, kuzisindikiza ndi kuzisintha kuti zigwirizane ndi kwanuko. Ubwino wake waukulu ndi wakuti zidalembedwa poganizira kalasi longa lathu: ana ochuluka, mabuku ochepa, pansi popanda mabenchi.

Tinkakumana kaŵiri pa sabata pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu, titakhala motalikirana monga ankatilangizira a zaumoyo. Mwini foni ankaŵerenga mokweza, ife tikulemba m'makope. Gawo lililonse linali ndi nkhani ya mphunzitsi wina wa mu Africa ndi vuto lake, kenaka ntchito yoti tikayese. Poti sukulu zinali zotseka, tinkayesa pa ana a m'nyumba zathu ndi a anansi.

Phunziro lina lidatipempha kuti tisadalire kuyankha kwa chigulu, koma timve mwana aliyense akuŵerenga payekha. Ife tidanyinyirika, pakuti tinkakhulupirira kuti kalasi lathu la Sitandade 2 limaŵerenga bwino. Likayamba "ba be bi bo bu" mau ankamveka mpaka ku chigayo. Tidaitana mwana wa mnansi wathu, mmodzi wa ana amene ankafuula kwambiri m'kalasi, nkumpatsa buku lake. Adaŵerenga tsamba lonse osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Tikuti timuyamikire, mnzathu wachitsikana uja adatikodola. Bukulo mwanayo adaligwira chadodolido. Sankaŵerenga ai, ankangolakatula zimene adaloŵeza pomva anzake. Titamlembera liwu lakuti "bambo" pa mchenga, adangoti kakasi.

Tsiku limenelo sitidadye bwino nsima. Zaka zonsezi, ndi ana angati amene tidaŵakweza kalasi akulakatula chabe? Kunena zoona, zambiri za zimene maphunziroŵa ankanena tinali titazimvapo kale pa misonkhano ya ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuŵerenga imene idayamba mu 2016. Koma msonkhano wa masiku oŵerengeka umathamanga, ndipo munthu amabwerako mutu utadzaza koma manja osazoloŵera. Apa tinali ndi mpata wobwereza tsamba lomwelo katatu, kutsutsana, kukayesa, ndi kubwera kudzasimba zimene zalephereka.

Sukulu zitayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono kuyambira mu Sepitembala 2020, tidasintha zinthu zingapo. Tidalemba maina pa chitseko, pa zenera, pa bolodi ndi pa ndowa, kuti maso a mwana azikumana ndi malembo paliponse. Tidatola zitsekerero za mabotolo nkulembamo maphatikizo, kuti ana m'magulu azipanga okha mau. Tsiku lililonse tinkamva ana khumi akuŵerenga mmodzimmodzi pamene anzawo akulemba, kotero kuti pa masabata aŵiri ndi theka kalasi lonse linkakhala litamveka. Nthano tinkazitenga ku African Storybook, nkhokwe ya timabuku ta ana imene Saide idatsegula pa intaneti mu 2014, m'mene muli nthano m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, Chicheŵa chomwe. Makina osindikizira tinalibe, choncho tinkazikopera pamanja ndi malembo akuluakulu kuseri kwa makalendala akale. Palibe chimene chidafuna ndalama zambiri pa zonsezi.

Kumene kuli maphunziro ena

Chaka cha 2012 ndicho chidabala maina akuluakulu amene achinyamata amaŵatchula. Coursera idayambidwa ndi Andrew Ng ndi Daphne Koller a ku Stanford University. EdX idayambidwa ndi Harvard ndi MIT. FutureLearn idayambidwa ndi The Open University. Poyamba zinkamveka ngati mphatso kwa anthu onse a pa dziko lapansi. M'kupita kwa nthaŵi malonda adaloŵapo: edX idagulitsidwa ku kampani mu 2021, FutureLearn mu 2022. Masiku ano maphunziro ena amalola kuŵerenga mwaulere koma satifiketi amagulitsa, ena amangotsegula gawo loyamba lokha, ndipo mitengo yake imakhala m'madola kapena m'mapaundi. Ŵerengani bwino musanaloŵetse nambala ya khadi la ku banki.

Kwa mphunzitsi wa ku pulaimale ife tiyamikira malo ena aŵiri. OpenLearn, imene The Open University idatsegula mu 2006, ili ndi maphunziro aafupi ambiri aulere, ndipo kalata yosonyeza kuti munthu wamaliza imaperekedwanso mwaulere. Commonwealth of Learning, bungwe la maiko a mu Commonwealth limene likulu lake lili ku Vancouver m'dziko la Canada, lakhala likukonza maphunziro aulere a masabata oŵerengeka a aphunzitsi. Ena mwa iwo, okhudza kugwiritsa ntchito zipangizo zamakono pophunzitsa, lidakonza pamodzi ndi Athabasca University. Maphunziro otereŵa amakhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lomalizira, ndipo zimenezi zimathandiza munthu waulesi ngati ife.

Amene akufuna dipuloma kapena digiri yeniyeni asaiŵale makoleji athu. Domasi College of Education idayamba kuphunzitsa aphunzitsi ali ku sukulu zawo cha m'ma 2000, ndipo Mzuzu University idalandira ophunzira ake oyamba a mtundu umenewu mu 2011. Ophunzira amapita ku koleji masabata oŵerengeka pa tchuti, nthaŵi yotsalayo nkumaŵerenga ali kwawo. Njira imeneyi njolipira ndipo imatenga zaka, koma pepala lake nlodziŵika kwa olemba ntchito.

Nanga osunga mabuku?

Anthu ambiri amayesa kuti ntchito ya m'laibulale ndi kupukuta fumbi ndi kuletsa phokoso. M'sukulu zambiri za pulaimale laibulale ndi makatoni aŵiri okhomeredwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ndipo mphunzitsi amene wapatsidwa makiyi amaopa kubwereketsa, kuti mabuku angatayike iye nkudzafunsidwa. Chotero mabuku amadyedwa ndi chiswe ali atsopano. Ife tidasungapo makiyi otere zaka zisanu, ndipo tivomera ndi manyazi kuti tinkanyadira kuti palibe buku lidasoŵa. Silikadasoŵa bwanji, popeza palibe lidatuluka?

Kusunga mabuku ndi luso lophunzira. Pali kusanja mabuku m'magulu, ndipo njira yofala ndi ya Melvil Dewey ya mu 1876, imene imagaŵa nzeru zonse m'magulu khumi ndi manambala: sayansi pa 500, mbiri ndi za malo pa 900. Pali kulemba kaundula wa obwereka, kusoka mabuku ong'ambika, kusankha buku loyenera msinkhu wa mwana, ndi kukopa ana amene saloŵa okha. M'malaibulale akuluakulu makhadi a kale adaloŵedwa m'malo ndi kompyuta, ndipo ambiri mu Africa amagwiritsa ntchito Koha, pulogalamu yaulere imene idayambira ku New Zealand. Lero wosunga mabuku ayeneranso kuthandiza woŵerenga kusiyanitsa nkhani yoona ndi yabodza pa zimene zimafika m'mafoni. Ntchito imeneyi njaikulu kuposa momwe inaliri pamene National Library Service inkakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967.

Kwathu kuno Malawi Library Association, imene idayamba mu 1976, yaphunzitsa othandizira m'malaibulale ambiri pa maphunziro a satifiketi, ndipo Mzuzu University imapereka madigiri pa ntchito imeneyi. Koma munthu akamaliza nkutumizidwa ku laibulale ya kutali kumene ali yekha, ndani adzamuuza zatsopano? Apa ndipo intaneti yathandiza. AfLIA, bungwe logwirizanitsa malaibulale a mu Africa limene lidayamba mu 2013 ndipo likulu lake lili ku Accra m'dziko la Ghana, limakonza maphunziro ndi misonkhano imene munthu amatsata pa foni kapena pa kompyuta. Mu 2020 ndi 2021 lidaphunzitsa osunga mabuku a m'maiko ambiri kalembedwe ndi kakonzedwe ka nkhani mu Wikipedia, poona kuti za Africa zolembedwa m'menemo nzochepa ndipo zina nzopotoka. Wikipedia ya Chicheŵa iliko, koma nkhani zake nzoŵerengeka kwambiri. Achinyamata amene mumadandaula kuti mulibe chochita mutalemba MSCE, taonani munda wosalima uwo.

Osunga mabuku a m'mayunivesite ndi m'makoleji a zaumoyo ali ndi zitseko zinanso. Research4Life, mgwirizano wa nthambi za United Nations ndi osindikiza mabuku, umene udayamba ndi Hinari ya za umoyo mu 2002 ndi AGORA ya za ulimi mu 2003, umalola masukulu ndi zipatala za m'maiko osauka kuŵerenga magazini a kafukufuku mwaulere kapena pa mtengo wotsika, ndipo umaphunzitsa pa intaneti momwe munthu angafufuzire m'menemo. EIFL, imene imagwira ntchito ndi MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malaŵi wa mu 2003, nayo imakonza maphunziro otere. Namwino wa pa chipatala cha kumudzi akapeza nkhani yatsopano ya kachizidwe ka malungo, kaŵirikaŵiri pamakhala wosunga mabuku wina amene adamuonetsa poloŵera.

Maenje a m'njira

Tidayamba anayi, tidamaliza aŵiri. Pa chiŵerengero chimenechi tidachita bwino kuposa dziko lonse lapansi. Mu 2019 Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente adalemba m'magazini ya Science zimene adapeza atafufuza maphunziro a Harvard ndi MIT pa edX: m'chaka cha 2017 mpaka 2018, mwa anthu 100 olembetsa, pafupifupi 3 okha ndiwo ankamaliza. Adaonanso kuti ophunzira ambiri anali a m'maiko olemera. Kulembetsa nkosavuta, ndipo kusiya nkosavutanso, pakuti palibe mlangizi wa ku zoni wodzakufunsa kuti waŵerenga mpaka pati. Nchifukwa chake tikuti musayambe nokha. Mutu umodzi susenza denga. Pezani anzanu aŵiri kapena atatu, sankhani tsiku ndi malo, ndipo wojomba azifunsidwa chifukwa.

Mnzathu woyamba adasiya chifukwa cha ndalama ndi Chingerezi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa khumi ndiyo inkaunikira ndi magetsi, ndipo ngakhale masola achuluka chiyambire nthaŵi imeneyo, ambiri a ife timalipirabe potchajitsa foni pa msika. Zithunzi zoyenda zimadya bandulo ngati dzombe m'munda. Tidaphunzira mochedwa kuti nkwanzeru kukopera maphunziro onse olembedwa kamodzi pamalo pamene netiweki ili bwino, kuŵasunga m'foni, ndi kugaŵana pa Bluetooth kapena pa memori khadi, nkumaloŵa pa intaneti pokhapokha poyankha mafunso. Za Chingerezi palibe njira yachidule. Maphunziro ambiri sali m'Chicheŵa, ndipo Chingerezi chake nchozama kuposa cha m'mabuku a Sitandade 8. Ife tinkamasulirana ndime iliyonse m'chiyankhulo chathu tisanapitirire, ndipo tidaona kuti ndime imene yatikanika kumasulira ndiye kuti sitidaimve.

Nkhani ya mnzathu wachiŵiri ndiyo tifuna makolo muimve bwino. Anali mayi wapabanja, mphunzitsi wakhama kuposa tonsefe. Masana ankaphika, kuchapa ndi kusamala ana. Mpata wake unali usiku, pamenenso mabandulo ena amatsika mtengo ndipo netiweki imayenda bwino. Bambo a kunyumba kwake ataona kuti mkazi wawo akukhala pa foni mpaka pakati pa usiku, adayamba kukayika. Apongozi nawo adathirapo ndemanga. Mayiyo adatiuza misozi ili m'maso kuti, "Bambo, ndasankha mtendere wa pakhomo." Tidapita kukacheza ndi mwamunayo, tidamuonetsa zimene zinali m'fonimo, ndipo adapepesa, koma mtima wa mayiyo unali utazizira kale. Tikadayamba ndi kukacheza ku banjalo maphunziro asanayambe, mwina sizikadatero. Inu amuna, khalani pambali pa akazi anu madzulo amodzi muone zimene akuŵerenga. Inu akazi, chitani chimodzimodzi. Ndipo amene mukuphunzira, musabise foni. Chinthu chobisa chimabala mphekesera ngakhale chili choyera. Inu makolo, mtsikana wanu akati ali m'kalasi pa foni, mfunseni dzina la phunzirolo ndi zimene waphunzira lero, kenaka mumchotsereko ntchito ina ya madzulo monga mukadachitira akadakhala kuti akukonzekera mayeso a boma.

Dzenje lina ndi la mapepala. Satifiketi ya maphunziro a masabata asanu ndi umboni wakuti munthu adachita khama, ndipo nkoyenera kuisunga m'faelo ndi kuionetsa pofunsira ntchito, koma siloŵa m'malo mwa satifiketi ya uphunzitsi, dipuloma kapena digiri. Alipo amalonda amene amadzitcha mayunivesite, nalonjeza digiri ya miyezi isanu ndi umodzi popanda mayeso, bola ndalama. Banja likhoza kugulitsa ng'ombe chifukwa cha pepala lopanda pake. Musanalipire kwacha ndi imodzi yomwe pa dipuloma kapena digiri, funsani ku National Council for Higher Education, bungwe limene lamulo la mu 2011 lidapatsa udindo wolembetsa ndi kuvomereza sukulu za ukachenjede. Aphunzitsi afunsenso kwa alangizi awo a ku zoni ngati maphunziro amene akufuna adzaŵerengedwa pa ntchito, makamaka poti lamulo la maphunziro la mu 2013 lidakhazikitsa Teachers Council of Malawi yolembetsa aphunzitsi ndi kuŵapatsa ziphaso.

Tinenepo pang'ono za chinyengo. Kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT idatulukira, kwabwera mapulogalamu amene amalemba yankho la funso lililonse pa kamphindi. Tamva achinyamata ena akunyadira kuti adamaliza phunziro lonse osaŵerenga tsamba ndi limodzi lomwe. Mapulogalamuŵa angathe kuthandiza kumasulira ndime yovuta, ngakhale nthaŵi zina amanama molimba mtima. Koma mphunzitsi amene yankho lake lidalembedwa ndi makina ali ngati mwana uja wogwira buku chadodolido: mau akumveka, kuŵerenga palibe. Lolemba m'maŵa adzaimirira yekha pamaso pa ana oposa 100, ndipo pamenepo foni sidzamuyankhira.

Sitikunena kuti intaneti iloŵe m'malo mwa koleji kapena mwa misonkhano ya ku malo ophunzitsirako aphunzitsi a m'mazoni, amene adamangidwa oposa 300 m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ife tiona kuti malo amenewo ndiwo oyenera kukhala nyumba ya maphunziro a pa intaneti. Pakhale sola imodzi, kompyuta imodzi kapena ziŵiri, ndi mlangizi wokopera maphunziro abwino nkuŵasunga, kuti mphunzitsi wobwera pa njinga Loŵeruka azibwerera ndi chakudya cha mwezi wathunthu m'foni mwake. Makomiti a sukulu ndi a makolo, amene amasonkha ndalama za njerwa ndi malata, angathenso kuika pambali kangachepe ka bandulo ya aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2, pamene maziko a kuŵerenga amaikidwa.

Chaka chotsatira, mnzathu wachitsikana uja adapempha makiyi a makatoni aja. Mphunzitsi wamkulu adazengereza, ndipo ifenso, pokumbukira mantha athu akale, tidamchenjeza kuti mabuku adzasoŵa. Iye adayankha mofatsa kuti, "Bambo, adzasoŵadi ena, koma kaundula adzatiuza kumene ali." Anali ataŵerenga pa foni yake yomweyo za kasamalidwe ka laibulale yaing'ono. Adapempha matabwa otsala pa denga la kalasi latsopano, anyamata a Sitandade 7 adakhoma mashelefu m'kachipinda kosungiramo makasu, ndipo mabuku adasanjidwa potsata msinkhu, mtundu uliwonse ndi kachingwe ka mtundu wake pamsana. Ana amabwereka Lachitatu ndi kubweza Lachitatu linzake. Teremu yoyamba mabuku asanu ndi aŵiri sadabwere pa tsiku lake. Asanu adapezeka ataŵalondola m'kaundula, limodzi lidanyoŵa ndi mvula, ndipo lina lidapezeka kwa agogo ena amene adakana kulibweza mdzukulu wawo asanamalize kuŵaŵerengera. Mdzukuluyo ndi mwana wa mnansi wathu uja.